Diso Losagona pa Batire Laling'ono: Mafunso ndi Mayankho a ku Chongwe pa Makina Ozindikira Zimene Akuona ndi Kumva

M'boma la Chongwe muli moyo wa mitundu iwiri. Chakumadzulo, kufupi ndi Lusaka, kuli bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kumene makamera ndi makina ounikira katundu sapuma usana ndi usiku. Mukapitirira kum'mawa pa msewu wa Great East n'kupatukira ku Kanakantapa, mupeza mlimi akutchaja foni pa kasola kamene waika padenga, ndipo nthawi zina kuti uthenga upite amayenera kukwera pachulu. Masiku ano tikumva zambiri za makina amene amayang'ana kanema kapena kumvetsera mawu n'kunena okha kuti apa pali munthu, apa pali moto, apa pali mbozi. Ambiri timaganiza kuti zimenezi n'za kubwalo la ndege, osati za kumunda. Mayankho ali m'munsiwa akusonyeza kuti makina oterewa angagwire ntchito ngakhale kumene magetsi ndi intaneti n'zoperewera, bola aphunzitsidwe kusankha bwino zoti aziyang'ana ndi zoti azisiya zidutse.

Kodi kuzindikira zinthu m'kanema woyenda n'kutani kwenikweni?

Kamera payokha sidziwa chimene ikujambula. Ntchito yake ndi kusandutsa kuwala kukhala manambala. Chithunzi chilichonse ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi manambala osonyeza mtundu ndi kuwala kwake. Kuti manambala amenewo atanthauze kuti "ng'ombe" kapena "mwana ali pafupi ndi chitsime", pamafunika pulogalamu imene yaonetsedwa zithunzi zikwizikwi, zina za ng'ombe zina zopanda ng'ombe, mpaka itagwira kusiyana kwake. Mawu nawonso amasandutsidwa manambala, ndipo pulogalamu imaphunzira kusiyanitsa kulira kwa khwangwala ndi kulira kwa makina odulira mitengo. Luso limeneli ndi mbali ina ya zimene anthu akuzitchula kuti AI.

Liwu lakuti "woyenda" ndiye mwini nkhani. Kanema amene munajambula pa ukwati n'kumusunga m'foni ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: mungatapemo lero, mawa kapena mkuja. Koma kanema wochokera ku kamera yolondera khola, kapena mawu otuluka pa wailesi, ali ngati madzi a mtsinje wa Chongwe mu February. Amene adutsa, adutsa. Makina ayenera kugamula pomwepo, chifukwa pamene akusinkhasinkha za chithunzi chimodzi, zina makumi awiri zafika kale pakhomo.

Chovuta n'chiyani, poti mafoni athu amajambula kale mavidiyo popanda vuto?

Kujambula n'kosavuta, koma kumvetsa chimene wajambula ndi ntchito yolemetsa. Tiwerengere limodzi. Kamera wamba imajambula zithunzi 25 pa sekondi imodzi. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Ndiye kuti kamera imodzi imabala zithunzi 2,160,000 patsiku. Ngati ili ya mtundu wooneka bwino umene amautcha 1080p, chithunzi chilichonse chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni.

Tsono pulogalamu yozindikira iyenera kuchita masamu pa timadontho timeneti. Pulogalamu ina yotchuka yotchedwa VGG-16, imene akatswiri a ku Oxford anatulutsa mu 2014, imachita masamu ochulukitsa ndi kuwonkhetsa pafupifupi 15 biliyoni kuti izindikire chithunzi chimodzi chaching'ono. Chulukitsani nambala imeneyo ndi zithunzi za tsiku lonse, muona chifukwa chake ntchito yotere imachitikira m'nyumba zodzaza makompyuta, zoziziritsidwa ndi makina, kumene chipangizo chimodzi chowerengera chingadye magetsi ofika mawati 700. Foni kapena kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi kamadya mawati owerengeka chabe. Kukapatsa mtolo wonse uja kuli ngati kusenzetsa mwana thumba la feteleza: sapita patali, batire latha ndipo kachipangizo katentha.

Bwanji osangotumiza kanema yense ku makompyuta akuluakuluwo kudzera pa intaneti?

M'mizinda ya mayiko olemera ambiri amatero. Kuno pali zopinga zinayi.

Choyamba ndi mtengo. Kamera yotumiza kanema pa liwiro la ma megabit 2 pa sekondi imadya pafupifupi 900MB pa ola, 21GB patsiku, ndi zoposa 600GB pamwezi. Palibe mlimi wamng'ono amene angagule mabandulo otere kuti alondere khola limodzi.

Chachiwiri ndi netiweki. M'mbali mwa msewu waukulu MTN, Airtel ndi Zamtel zimagwira, koma mukalowa m'midzi ya kumapiri, kulowera kuchigwa cha Zambezi, imabwera n'kupita. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu 2023, koma mtengo wa zipangizo zake si wa aliyense, ndipo nazonso zimafuna magetsi.

Chachitatu ndi magetsi omwewo. Tonse tikukumbukira 2024. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba, amene amapangira magetsi, anaphwa kwambiri, ndipo pofika September madera ambiri ankaona malaiti kwa maola atatu okha patsiku. Magetsi akathima nthawi yaitali chotero, ngakhale nsanja za netiweki zimavutika.

Chachinayi ndi nthawi. Uthenga wakuti njovu zalowa m'munda ukafika m'mawa, umapeza mapesi okhaokha. Choncho nzeru ndi yakuti kuganiza kuchitikire pomwepo, m'kachipangizo kamene kali pamtengo kapena m'dzanja, ndipo pa netiweki padutse yankho lokha, mwina mawu asanu kapena kachithunzi kamodzi.

Nanga kachipangizo kochepa mphamvu kamakwanitsa bwanji?

Kamachita monga amachitira mayi wokonza ufa woyera. Iye sayamba ndi kutola njere imodziimodzi. Akakonola amapeta ndi lichero, gaga n'kuchoka. Kenako amasankha timiyala m'mphale yotsalayo. Sefa imabwera pamapeto, zochuluka zosafunika zitachoka kale. Ntchito yopepuka imayamba, ntchito yofuna diso imatsiriza.

Tiyerekeze khola la ng'ombe za mkaka ku Palabana, usiku wozizira wa mu June. Pamtengo wa pachipata pali kabokosi kokhala ndi kamera, batire ndi kasola. Kamera ili mtulo. Chimene chili maso ndi kachipangizo kakang'ono komva kutentha kwa thupi loyenda, kamene sikadya magetsi ambiri. Mphepo ikugwedeza udzu, palibe chikuchitika. Cha m'ma 1 koloko galu akudutsa. Kamera ikudzuka, ikujambula, ndipo pulogalamu yaing'ono ikufunsa funso limodzi lokha: kodi uyu ndi munthu? Yankho ndi ayi, kamera ikugonanso. Cha m'ma 3 koloko pakubwera chinthu choyenda ndi miyendo iwiri. Pulogalamu yaing'ono ija ikuti mwina ndi munthu, ndipo apa m'pamene ikudzutsa pulogalamu yaikulu, yodya batire, kuti iyang'anitsitse. Yaikuluyo ikutsimikiza kuti ndi anthu awiri ndipo chipata chatseguka. Foni ya mwini khola ikulira. Usiku wonse, pulogalamu yolemera ija yagwira ntchito masekondi ochepa okha.

Njira imeneyi si yachilendo. Mu 2001 Paul Viola ndi Michael Jones anasonyeza mmene kompyuta ingapezere nkhope ya munthu pa chithunzi pogwiritsa ntchito masefa 38 ondondozana. Sefa yoyamba inkangoyang'ana zizindikiro ziwiri, koma inkataya pafupifupi theka la mbali za chithunzi zimene zinalibe nkhope. Kompyuta ya nthawi imeneyo, yofooka kuposa foni yotsika mtengo ya lero, inkatha zithunzi 15 pa sekondi. Kabokosi kamene kanayamba kuoneka kozungulira nkhope pa makamera a m'manja kanachokera ku nzeru ya mtundu umenewu.

Zithunzi zikachuluka kuposa mphamvu ya makina, chimachitika n'chiyani?

Akatswiri a makompyuta ali ndi dzina la zimene zimachitika, ndipo ndi dzina limene aliyense wa ku Chongwe akulidziwa: load shedding. Monga ZESCO imathimitsa madera ena magetsi akachepa kuti dziko lonse lisagwe mumdima nthawi imodzi, makina nawo amataya dala zithunzi zina kuti asatsamwe.

Funso ndi lakuti atayeko ziti. Makina opanda dongosolo amangotaya chilichonse chimene chafika iwo ali otanganidwa, ndipo mwina chotayidwacho n'chimene munali mbala. Makina okonzedwa bwino amasankha. Angayang'ane chithunzi chimodzi pa sekondi m'malo mwa 25, zimene zimatsitsa ntchito ya tsiku kuchoka pa zithunzi 2,160,000 kufika pa 86,400. Angachepetse kukula kwa chithunzi. Angasiye kuyang'ana kumwamba ndi kudenga n'kumangoyang'ana pachipata. Batire likatsika, angasinthe n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yopepuka mpaka dzuwa litatuluka.

Pamene zofunika kuzindikira zili zambiri, mafunso amasanjidwa ngati nthambi za mtengo. Loyamba ndi lalikulu: chamoyo kapena galimoto? Ngati n'chamoyo, munthu kapena nyama? Ngati ndi nyama, njovu kapena ng'ombe? Nthambi iliyonse imapatsidwa gawo lake la mphamvu, ndipo nthambi yofunika kwambiri ndi imene imatetezedwa zinthu zikathina, monga mmene ogawa magetsi amayesetsa kusiyira chipatala. Amene afuna kuzindikira zonse nthawi imodzi pa batire limodzi amagwa m'mavuto a pusi uja: ichi chakoma, ichi chakoma, anagwa chagada.

Kodi pulogalamu ikachepetsedwa, nzeru zake sizichepanso?

Zimachepa, koma osati mofanana ndi kuchepa kwa thupi lake. Mu 2017 akatswiri a Google anatulutsa pulogalamu yotchedwa MobileNet, yopangidwira mafoni. Pamene VGG-16 imasunga manambala 138 miliyoni a zimene inaphunzira, MobileNet imasunga pafupifupi 4 miliyoni okha, ndipo masamu ake pa chithunzi chimodzi safika 600 miliyoni. Koma pa mayeso ofanana ozindikira zinthu za mitundu 1,000, ziwirizi zinasiyana pang'ono kwambiri: zonse zinalondola pafupifupi zithunzi 71 pa 100 zilizonse.

Pali njira zingapo zochepetsera. Ina ndi kufupikitsa manambala, monga mmene wogulitsa pamsika amanenera kuti K20 m'malo mwa K19.97. Nambala imene inkatenga malo 32 m'chikumbukiro cha makina imatenga malo 8, ndipo pulogalamu yonse imachepa kanayi. Ina ndi kudulira, kuchotsa mbali za pulogalamu zimene sizithandiza kwenikweni, monga mlimi amadulira mphukira za tomato. Inanso ndi kulola pulogalamu yaikulu kuphunzitsa yaing'ono, yaing'onoyo n'kumatsanzira mayankho a mphunzitsi wake.

Koma njira yoposa zonse ndi kuchepetsa ntchito imene. Kamera ya pakhola sifunika kudziwa mitundu 1,000 ya zinthu. Ikadziwa bwino munthu, ng'ombe ndi galu, yakwana.

Kodi zimenezi zafika kale m'minda yathu?

Inde, ndipo zinabwera chifukwa cha mdani amene alimi a ku Chongwe akumudziwa bwino. Chakumapeto kwa 2016 mbozi yachilendo yochokera ku America, mtundu wa ntchemberezandonda umene m'Chingerezi amati fall armyworm, inaoneka m'minda ya chimanga m'Zambia, ndipo kuyambira pamenepo sinachoke. Mu 2018 bungwe la FAO pamodzi ndi Pennsylvania State University anatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Nuru, liwu la Chiswahili lotanthauza kuwala. Inayambira pa matenda a chinangwa, mogwirizana ndi bungwe la IITA, kenako inaphunzitsidwa kuzindikira kuonongeka kwa chimanga. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ikalowa m'foni imagwira ntchito popanda intaneti.

Taganizirani mayi m'munda mwake mu January, chimanga chili m'mawondo. Akuwerama, akulozetsa foni pa nsonga ya phesi pamene masamba apindana. Sakujambula chithunzi chimodzi. Kamera ikuyenda, ndipo pulogalamu ikuyang'ana zithunzi zikamadutsa, n'kuika kabokosi pamene yaona zizindikiro: timawindo toyera pamene mbozi yaing'ono yapala tsamba, mabowo ong'ambika, ndowe zonga utuchi m'kati mwa nsonga. Mayiyo akutsegula nsongayo ndi zala, napeza mbozi yokhala ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Akupita pa phesi lina. Alangizi amati ayende m'munda mokhotakhota ngati chilembo cha W, aime malo asanu, ndipo pa malo alionse aone mapesi khumi.

Ku University of Zambia, akatswiri a makompyuta ndi a tizilombo anayesa njira ina cha m'ma 2019: kuika kamera ndi kakompyuta kakang'ono pa msampha wokopa agulugufe a mbozi imeneyi, kuti makina aziwazindikira okha m'malo moti mlangizi aziyenda mtunda wautali kukawerenga. Iyi ndi nzeru yobadwira pakhomo, ndipo ikuyenera kuthiriridwa.

Kupatula ulimi, zingathandizenso pati?

Kuchipatala. Kudziwa miyezi ya pakati n'kofunika kwambiri pa uchembere wabwino, koma akatswiri ounika amayi ndi makina ndi ochepa m'zipatala za kumidzi. Madokotala a University of North Carolina ndi University of Zambia anakonza njira yakuti namwino kapena mzamba, ataphunzitsidwa pang'ono, angoyendetsa kachipangizo kounikira pamimba motsatira mizere yoikika. Kachipangizoko kamatulutsa kanema, ndipo pulogalamu imasankha yokha zithunzi zothandiza n'kuwerengera msinkhu wa mwana. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2024, wa amayi 400 a ku Lusaka ndi ku Chapel Hill, makinawa ankaphonya ndi masiku atatu okha pa avereji, pafupifupi mofanana ndi katswiri.

Kunkhalango nakonso. Mtsinje wa Chongwe umakathira mu Zambezi m'malire a kumadzulo a nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi, dera la njovu zambiri, kumene minda ndi nyama zimakumana. Makamera otchera m'tchire ali ndi vuto lodziwika: amajambula udzu. Ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, makamera 225 anajambula magulu a zithunzi pafupifupi 1.2 miliyoni pofika 2013, koma nyama zinapezeka m'magulu 322,653 okha. Pothana ndi vutoli, bungwe la RESOLVE mogwirizana ndi Intel linapanga kamera yaing'ono yotchedwa TrailGuard AI, imene imasefa zithunzi pomwepo n'kutumiza zokhazo zimene muli munthu, galimoto kapena nyama yofunidwa. Chifukwa situmiza zopanda pake, batire lake limakhala miyezi yambiri.

Ndipo m'boma ngati lathu, kumene mitengo ikutha chifukwa cha makala opita ku Lusaka, n'kothandiza kudziwa za bungwe la Rainforest Connection, limene linayamba ku Indonesia mu 2013 pomangirira mafoni akale m'mitengo kuti azimvetsera kulira kwa makina odulira mitengo.

Nanga makina amenewa amamva zilankhulo zathu?

Apa m'pamene tatsalira. Kumvetsera wailesi ndi makina n'kotheka. Ku Uganda, nthambi ya United Nations yotchedwa Pulse Lab Kampala, pamodzi ndi Stellenbosch University, inapanga makina omvetsera mapulogalamu a wailesi amene anthu amaimba foni, m'Chiluganda ndi Chiacholi, n'kumatola mawu okhudza matenda, kusefukira kwa madzi ndi mavuto ena. Makina otere safunika kulemba zonse zimene zanenedwa. Amangotchera khutu ku mawu ochepa osankhidwa, ndipo akawamva amasunga kachigawo kameneko kuti munthu adzamvetsere. Ndi lichero lomwe lija, koma la mawu.

Kuti zimenezi zitheke, pamafunika mawu ambiri ojambulidwa ndi kulembedwa m'chilankhulo chimenecho. Mu 2023 gulu lotsogoleredwa ndi Claytone Sikasote wa ku University of Zambia linatulutsa nkhokwe ya mawu yotchedwa Zambezi Voice, ya Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Ndi chiyambi chabwino. Koma Chongwe ndi dziko la Asoli, anthu a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo Chisoli sichili pa zilankhulo zinayi zimenezo. Agogo amene angaimbe foni ku wailesi kudandaula za ng'ombe zodwala m'Chisoli, makina sangawamve. Ngakhale Chinyanja cholankhulidwa pamsika wa Chongwe, chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, n'chosiyana ndi cha m'mabuku. Ntchito yojambula ndi kulemba mawu athu palibe mlendo amene adzatichitire bwino kuposa ife eni.

Kodi makinawa salakwitsa?

Amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake n'kwa mitundu iwiri. Angakuwe pamene palibe kanthu, kapena angakhale chete pamene pali kanthu. Ziwirizi zimakokana. Mukawauza kuti azikayikira chilichonse, adzakudzutsani kasanu usiku umodzi chifukwa cha galu, ndipo pakutha pa sabata mudzathimitsa foni. Mukawauza kuti azilankhula pokhapokha atatsimikiza, tsiku lina mbala idzadutsa iwo ali duu. Poika malire, funso si la akatswiri okha. Mwini khola ndi amene akudziwa ngati kutaya tulo kuli kowawa kuposa kutaya ng'ombe.

Masefa ondondozana alinso ndi ngozi yake. Chimene sefa yoyamba yataya sichibwerera. Ngati pali masefa atatu, ndipo iliyonse imagwira 9 mwa zinthu 10 zoyenera kugwidwa, pamapeto pa zinthu 1,000 zotsala ndi 729 zokha. N'chifukwa chake sefa yoyamba imayenera kukhala ya maso aakulu, yolola zokayikitsa zidutse kuti zikaweruzidwe kutsogolo.

Vuto lina ndi la kumene makina anaphunzirira. Ofufuza a Nuru anapeza ku Tanzania kuti pulogalamu imene inkakhoza bwino pa zithunzi zosankhidwa inatsika kwambiri itayesedwa pa kanema wa m'munda weniweni, kumene dzuwa limathobwa ndipo dzanja limanjenjemera. Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2020, Nuru inalondola matenda a chinangwa ka 65 pa 100, kuposa alangizi ndi alimi amene anayesedwa nawo, ndipo poyang'ana masamba 6 pa chomera chimodzi kulondolako kunakwera kufika pakati pa 74 ndi 88. Phunziro lake ndi lakale: kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankho la makina ndi uphungu, si chigamulo. Musanagule mankhwala, tsegulani nsonga ya chimanga muone nokha, ndipo funsani alangizi.

Kodi sitikudziitanira kazitape pakhomo?

Nkhawa imeneyi ndi yoona. Walira mvula walira matope. Kamera yozindikira mbala ingazindikirenso mnansi wopita kuchitsime, ndipo makina omvetsera mawu akuti "kolera" angauzidwe kumvetsera dzina la munthu. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021, limene limaika zizindikiro za thupi la munthu m'gulu la zinthu zofuna chisamaliro chapadera, ndipo limafuna kuti zoterezi zisungidwe pa makompyuta a m'dziko muno.

Chosangalatsa n'chakuti njira yosunga batire ndi yomwenso imasunga ulemu wa anthu. Kachipangizo kamene kamaganiza pomwepo n'kufufuta zithunzi zosafunika sikatumiza nkhope ya aliyense kunja. Kamera ya pakhola ingapangidwe kuti izingonena kuti "pali munthu" popanda kudziwa kuti munthuyo ndani. Komabe zimenezi sizichitika zokha. Musanalole chipangizo chotere m'mudzi, pasukulu kapena pamsika, funsani mafunso atatu: chikuyang'ana chiyani, zimene chaona zikupita kwa yani, ndipo zikusungidwa masiku angati? Nkhani yotere ipite kwa anyakwawa ndi kumsonkhano wa mudzi chipangizocho chisanakhomedwe pamtengo, osati chitakhomedwa kale.

Gulu la alimi kapena achinyamata ofuna kuyesa liyambire pati?

Liyambe ndi funso limodzi, osati ndi chipangizo. "Kodi m'munda muno muli mbozi?" ndi funso labwino. "Tikufuna makina odziwa zonse" si funso. Likatero liwerenge zimene lili nazo: dzuwa la maola angati, batire lotani, netiweki imagwira pati. Likumbukire kuti miyezi imene mbozi imavuta, kuyambira December mpaka March, ndi yomwenso mitambo imaphimba sola, choncho batire liyesedwe m'dzinja, osati mu October.

Chachitatu, lisonkhanitse zithunzi ndi mawu a komweko: ng'ombe zathu, makola athu a mitengo, chimanga chathu pa dzuwa la masana ndi m'bandakucha, mawu a agogo athu. Chachinayi, liyese kwa nyengo yathunthu n'kumalemba m'kope nthawi iliyonse makina akakuwa pachabe ndi nthawi iliyonse akaphonya. Kope limenelo ndi lamtengo wapatali kuposa malonjezo a wogulitsa aliyense. Pomaliza, pakhale munthu wa pafupi wodziwa kukonza, chifukwa fumbi, chiswe ndi mphezi sizisankha chipangizo.

Mutu umodzi susenza denga. Chongwe ili ndi Chalimbana University, ili ndi sukulu ya zaulimi ya Kasisi imene yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono kuyambira 1974, ndipo University of Zambia ili pa msewu womwewu wa Great East. Boma nalo linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI mu 2024. Zofunika zili pafupi. Chotsala ndi chakuti wophunzira wa makompyuta atsike basi pa Chongwe, akhale pansi ndi mlimi, amve chimene chimamusowetsa tulo. Ndipo inu alimi, azamba, aphunzitsi ndi mafumu, wina akabwera ndi makina oona ndi kumva, musachite manyazi kumufunsa kuti makinawo anaphunzira kuti, amataya chiyani, ndipo adzagwira ntchito bwanji tsiku limene malaiti apita.